Barbara Cartland: moyo ndi ntchito ya mayi wa nkhani zachikondi amene analemba mabuku 723

Pamene Barbara Cartland ankamwalira pa 21 Meyi 2000 ali ndi zaka 98, anali atalemba mabuku 723, ndipo ambiri mwa mabuku amenewa anali nkhani zachikondi zopeka. Mabukuwa anamasuliridwa m'zinenero 38, ndipo ofalitsa ake ankanena kuti anagulidwa makope oposa 750 miliyoni. Anthu ophunzira za zolembalemba ku Britain sankawawerengera nkomwe mayi amenewa, ndipo asangalatsi a pa wailesi yakanema ankakonda kuwaseka chifukwa cha madiresi awo apinki, nsidze zoikirira, tiagalu toyera ndi galimoto lawo loyera la Rolls-Royce. Komabe munthu salemba mabuku ochuluka chonchi mwangozi, ndipo anthu mamiliyoni sagula chinthu chimodzimodzi kwa zaka zambiri popanda chifukwa. Kuti timvetse zimene zinachitika, tiyenera kuyang'ana zinthu ziwiri zimene kawirikawiri zimabisika kuseri kwa zovala zapinki zija: imfa ndi umphawi zimene zinagwera banja lawo ali wamng'ono, komanso dongosolo lolimba la kagwiridwe ka ntchito limene anadzikonzera atakula.

Mary Barbara Hamilton Cartland anabadwa pa 9 Julaye 1901 ku Edgbaston, m'dera la mzinda wa Birmingham ku England. Banja la kuchimuna linali lolemera chifukwa cha malonda, koma chuma chimenecho chinatha pamene agogo awo aamuna, James Cartland, anagwa m'ngongole n'kudzipha. Makolo a Barbara anakakamizika kusiya moyo wapamwamba umene anauzolowera n'kuyamba kukhala moumira, ngakhale kuti ankayesetsabe kuoneka ngati anthu apamwamba pamaso pa anzawo. Kenako nkhondo yoyamba ya padziko lonse inabwera, ndipo bambo awo, Bertram Cartland, amene anali msilikali wa udindo wa meja, anaphedwa ku France mu Meyi 1918, kutangotsala miyezi yochepa kuti nkhondoyo ithe. Mayi awo, amene ankadziwika ndi dzina lakuti Polly, anatsala ndi ana atatu opanda chuma chenicheni, ndipo anatsegula sitolo yogulitsa zovala mu London kuti apeze zolerera Barbara ndi alongo ake awiri, Ronald ndi Anthony.

Mbiri imeneyi ndi yofunika kwambiri chifukwa Barbara anakula pa nthawi imene atsikana a msinkhu wake ankaona kuti anyamata amene akanawakwatira agona m'manda a ku France ndi ku Belgium. Kalembera wa mu 1921 anasonyeza kuti ku England ndi ku Wales akazi anali ochuluka kuposa amuna ndi pafupifupi 1.7 miliyoni, ndipo nyuzipepala zinkalemba za akazi amenewa ngati anthu otsalira amene sadzapeza banja. Kwa mtsikana wa m'banja looneka lapamwamba koma lopanda ndalama, ukwati wabwino unali chitetezo chachikulu, mwinanso chokhacho chimene anthu ankachivomereza. Nkhani imene Mayi Cartland anadzailemba mobwerezabwereza kwa moyo wawo wonse, ya mtsikana wosauka koma wa magazi abwino amene amapulumutsidwa ndi chikondi cha mwamuna wolemera ndi waulemu wake, inali loto la m'badwo wonse wa akazi amene anaona chuma chikusungunuka ndiponso amuna akupita ku nkhondo osabwerako.

Iwo eni sanadikire kuti wina adzawapulumutse. Ali ndi zaka za m'ma 20 anayamba kugulitsa tinkhani ta miseche ya anthu otchuka ku nyuzipepala ya Daily Express, ndipo mwini nyuzipepalayo, Lord Beaverbrook, anawaphunzitsa kulemba mwachidule ndi kudula mawu onse osafunika. Luso limeneli linawakhalira mpaka kukalamba, ndipo ndilo chifukwa chake ndime za m'mabuku awo ndi zazifupi kwambiri, zina za mzere umodzi wokha. Buku lawo loyamba, lotchedwa Jig-Saw, linatuluka m'zaka za m'ma 1920 ndipo linagulidwa kwambiri chifukwa anthu ankaliona ngati lolaula pang'ono malinga ndi miyezo ya nthawiyo. Sewero limene analemba mu 1926 linakanizidwa poyamba ndi ofesi ya Lord Chamberlain, imene inali ndi mphamvu yovomereza kapena kuletsa masewero onse oonetsedwa poyera. Ndi zodabwitsa ndithu kuti mayi amene pambuyo pake anadzakhala mlaliki wamkulu wa kudzisunga anayamba ntchito yake ndi mbiri ya wolemba wosaopa zonena anthu.

Moyo wawo wa m'banja sunayende ngati wa m'mabuku awo. Ankakonda kunena kuti anafunsiridwa ndi amuna 49 asanavomere, ndipo mu 1927 anakwatiwa ndi Alexander McCorquodale, wa m'banja lolemera la eni makampani osindikiza. Mwana wawo wamkazi, Raine, anabadwa mu 1929, koma ukwatiwo unatha kukhoti mu 1933, pa mlandu umene mwamuna ndi mkazi ankalozana chala pa nkhani ya chigololo ndipo nyuzipepala zinaulemba mokoma. Mu 1936 anakwatiwa ndi Hugh McCorquodale, msuweni wa mwamuna woyamba uja, amene anavulala kwambiri pa nkhondo ya ku Passchendaele ku Belgium, m'kati mwa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Banja lachiwirili linali lamtendere, linabala ana aamuna awiri, Ian ndi Glen, ndipo linatha pamene Hugh anamwalira mu 1963.

Chilonda chachikulu kwambiri chinabwera mu 1940. Mlongo wawo Ronald, amene ankagwirizana naye kuposa munthu wina aliyense, anali phungu wa nyumba ya malamulo woimira dera la King's Norton ku Birmingham kuyambira mu 1935, ndipo Barbara ndi amene anathandiza kupeza ndalama zoyendetsera kampeni yake kudzera m'zolembalemba. Ronald anali mmodzi wa aphungu achinyamata a chipani cha Conservative amene anatsutsa poyera ndondomeko ya nduna yaikulu Neville Chamberlain yonyengerera Hitler. Nkhondo itayamba analowa usilikali, ndipo anaphedwa kumapeto kwa Meyi 1940 pamene asilikali a Britain ankabwerera cha ku doko la Dunkirk ku France. Iye anali mmodzi wa aphungu oyamba kufa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mng'ono wake Anthony anaphedwanso m'masiku omwewo, motalikirana ndi tsiku limodzi lokha. Motero nkhondo ziwiri zinalanda Barbara bambo ndi alongo onse awiri. Iye analemba buku la mbiri ya Ronald, ndipo Winston Churchill ndi amene analemba mawu oyamba a bukulo. Munthu akadziwa zimenezi, savutika kumvetsa chifukwa chake mayiyu anakana kwamtuwagalu kulemba nkhani yothera m'misozi, ndiponso chifukwa chake m'mabuku ake mwamuna wokondedwa amabwerera nthawi zonse, ngakhale atadutsa m'zoopsa zotani.

Pa nthawi ya nkhondoyo Mayi Cartland anagwira ntchito yoyang'anira umoyo wa asilikali m'chigawo cha Bedfordshire, ndipo pamenepo anachita chinthu chimene chikusonyeza bwino mmene maganizo awo ankayendera. Kuyambira mu 1941 zovala ku Britain zinkagulidwa ndi makuponi a boma, moti mtsikana wogwira ntchito ya usilikali sakanatha kupeza diresi loyera la ukwati. Iwo anayamba kugula madiresi a ukwati ovalidwapo kale n'kuwasonkhanitsa, kuti atsikana amenewa azibwereka pa tsiku lawo n'kubweza, ndipo madiresi amenewa anafika mazana ambiri. Wina angaone ngati imeneyi inali nkhani yachabechabe pa nthawi imene mabomba ankagwa pa London, koma iwo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kukongola ndi mwambo si zinthu zongokometsera moyo, koma ndi zina mwa zimene zimalimbitsa anthu mtima pa nthawi yovuta.

Kalembedwe kamene kanawatchukitsa padziko lonse kanakhazikika nkhondo itatha, pamene anasiya nkhani za masiku awo n'kuyamba kulemba nkhani zochitika m'mbuyomu, makamaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi m'zaka za m'ma 1800. Chifukwa chake anachifotokoza okha mosabisa: mtsikana wa m'nkhani zawo ankayenera kukhala namwali wosadziwa mwamuna kufikira tsiku la ukwati, ndipo anaona kuti owerenga sakanakhulupirira mtsikana wotere m'nkhani ya masiku ano. Choncho anabwerera ku nthawi ya ngolo zokokedwa ndi akavalo, magule a m'nyumba zachifumu ndi amuna a maudindo obadwa nawo. Mafupa a nkhaniyo sankasintha. Mtsikana amakhala wamng'ono, wokongola, nthawi zambiri wamasiye kapena wa bambo amene wataya chuma pa juga. Mwamuna amakhala wamkulupo, wolemera, wonyada, wotopa ndi akazi odziwa zambiri za m'tauni. Awiriwa amakumana mosayembekezera, amadana kapena kusamvetsetsana, mtsikanayo amagwa m'manja mwa munthu woipa, mwamunayo amamupulumutsa n'kuzindikira kuti kuyera mtima kwa mtsikanayu kwamusintha, ndipo nkhani imatha ndi ukwati. Chimene chinkasintha ndi mayina, dziko ndi chaka, ndipo pa mbali imeneyi ankalimbikira kuwerenga mabuku a mbiri yakale kuti zovala, zakudya ndi zochitika za nthawiyo zikhale zoona; mabuku awo ambiri amayamba ndi kandime kofotokoza mbiri yeniyeni imene nkhaniyo yatsamirapo.

Pali banga limodzi pa chiyambi cha kalembedwe kameneka. Mu 1950 Georgette Heyer, wolemba mnzawo amene ndiye anayambitsa ndi kukhwimitsa nkhani zachikondi za nyengo ya Regency ku England, ndiko kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, anadandaula kuti Mayi Cartland anatenga mayina, makhalidwe a anthu ndi zochitika za m'mabuku ake n'kuziika m'mabuku awo oyambirira a mtundu umenewu. Heyer anasonkhanitsa umboni n'kuupereka kwa maloya, koma nkhaniyo sinafike kukhoti, ndipo anthu ambiri anadzaidziwa patapita zaka zambiri onse awiri atamwalira, pamene makalata a Heyer anafalitsidwa m'buku la mbiri yake. Amene anawerengapo olemba awiriwa amavomereza kuti Heyer anali ndi luso lakuya, nthabwala zakuthwa ndi anthu a m'nkhani ooneka amoyo, pamene Cartland anali ndi liwiro ndi kumvetsa msika. Kunena chilungamo, pa nkhani ya luso lenileni mpikisano panalibe.

Funso limene anthu ambiri amafunsa ndi lakuti munthu mmodzi analemba bwanji mabuku 723. Yankho loyamba ndi lakuti sankalemba ndi dzanja ndipo sankataipa okha. Mu 1950 banja lawo linagula nyumba yaikulu yotchedwa Camfield Place pafupi ndi Hatfield, m'chigawo cha Hertfordshire, nyumba imene kale inali ya agogo ake a wolemba nthano za ana Beatrix Potter. Kumeneko, masana alionse a ntchito, Mayi Cartland ankagona pa sofa m'chipinda chawo chowerengera, atafunda, kagalu kali pambali, n'kumanena nkhaniyo pakamwa pamene mlembi amene anakhala kumbuyo kwawo ankailemba m'kalembedwe kachidule. M'maola awiri kapena atatu ankatha kunena mawu okwana 6,000 kapena kuposerapo, ndiye kuti mutu wathunthu wa buku. Alembi ena ankataipa zimene zanenedwazo, wina n'kuona zolakwika za galamala ndi za mbiri, ndipo buku lonse linkatha m'masabata awiri. Mabukuwo anali aafupi, a mitu yowerengeka, ndipo popeza mafupa a nkhani ankadziwika kale, panalibe nthawi yotayika posinkhasinkha za kumene nkhaniyo ikulowera. Kunena pakamwa kumeneku kunasiya chizindikiro m'mabukuwo: muli makambirano ambiri, mafotokozedwe ochepa, ndipo atsikana a m'nkhanizo amalankhula modukizadukiza ngati munthu amene mpweya ukumuthera chifukwa cha manyazi kapena chikondi.

Yankho lachiwiri ndi lodabwitsa kwambiri. Mabuku ambiri a Mayi Cartland analembedwa iwo atadutsa zaka 70. Kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anali wolemba wodziwika amene ankatulutsa mabuku angapo pa chaka, koma m'zaka zimenezo msika wa mabuku achikondi otsika mtengo, a chikuto chofewa, unakula modabwitsa ku America ndi kumayiko ena. Ku America kunali kutayamba mtundu watsopano wa nkhani zachikondi zofotokoza za kuchipinda mosabisa, umene unatchuka kuyambira mu 1972 ndi mabuku a Kathleen Woodiwiss, ndipo panali owerenga ambiri amene sankafuna zoterozo. Ofalitsa anaona kuti mabuku a Cartland ndiwo angakhutiritse anthu amenewa, ndipo anapempha ena ochuluka. Mayiyu, m'malo mopuma monga anzake a msinkhu wake, anawonjezera liwiro kufika pa mabuku oposa 20 pa chaka, ndipo anapitiriza choncho kwa zaka pafupifupi 20, zimene zinachititsa kuti dzina lake lilowe m'buku la Guinness lolemba za anthu amene aposa onse padziko pa zinthu zosiyanasiyana. Mwana wake Ian ndi amene ankayendetsa mbali ya malonda, kukambirana ndi ofalitsa a m'mayiko osiyanasiyana ndi kugulitsa ufulu womasulira. Kuyera kwa nkhanizo kunathandizanso malonda m'mayiko amene mabuku olaula sakanaloledwa kapena sakanalowa m'nyumba za anthu, chifukwa kholo linkatha kumusiyira mwana wake wamkazi buku la Cartland popanda nkhawa.

Apa ndi pamene zovala zapinki zija zimapezera tanthauzo. Mayi Cartland anazindikira msanga, mwina chifukwa cha zaka zimene anagwira ntchito m'nyuzipepala, kuti wolemba amene nkhope yake ikudziwika amagulitsa kuposa amene amabisala. Anadzisandutsa chizindikiro cha malonda awo omwe. Sankakana mtolankhani, ankayankha mafunso pa nkhani iliyonse, kuyambira pa ukwati wachifumu kufikira pa mapemphero m'masukulu, ndipo ankadziwa kunena mawu amene nyuzipepala ingaike pa mutu wa nkhani. Mu 1978 anajambulitsa chimbale cha nyimbo zachikondi mothandizidwa ndi gulu loimba la Royal Philharmonic Orchestra, ngakhale kuti mawu awo oimbira sanali oti munthu n'kuwatamanda. Dzina lawo linaikidwa pa mafuta onunkhira ndi zokongoletsera m'nyumba. Mu 1987 anakangana pa wailesi yakanema ya BBC ndi wolemba mnzawo Jackie Collins, amene mabuku ake anali odzaza ndi zachiwerewere, ndipo anamuuza pamaso kuti zolemba zoterozo ndi zoipa. Anthu ankaseka, koma kuseka kumeneko kunali kulengeza malonda kwaulere. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ena mwa mabuku awo anapangidwa mafilimu a pa wailesi yakanema, ndipo mwa osewera ake munali Helena Bonham Carter ndi Hugh Grant asanatchuke kwambiri.

Chimene nthabwalazo zinaphimba ndi ntchito zina zimene mayiyu anagwira, zomwe zinali zenizeni. Mu 1931 anagwirizana ndi asilikali awiri a ndege pa kuyesa kukoka ndege yopanda injini mtunda wautali, itanyamula makalata, ndipo mu 1984 analandira mphoto ku America chifukwa cha gawo limene anatengapo pa chitukuko cha zandege. Mu 1955 anasankhidwa kukhala khansala wa chigawo cha Hertfordshire pa tikiti ya chipani cha Conservative, ndipo anakhala pa udindowo zaka 9. Pa nthawiyo anamenyera nkhondo kuti malo osungirako nkhalamba akonzedwe ndiponso kuti azamba ndi anamwino azilandira malipiro abwino. Nkhondo imene inawadanitsa ndi anthu ambiri a m'dera lawo inali yokhudza anthu a mtundu wa Romany, amene ankakhala moyendayenda m'ngolo ndipo ankathamangitsidwa malo ndi malo, moti ana awo sankatha kupita kusukulu. Mayi Cartland anaumirira kuti mwana sangaphunzire ngati banja lake silikuloledwa kukhazikika, ndipo mu 1964 malo okhazikika a mabanja amenewa anatsegulidwa pafupi ndi Hatfield n'kutchedwa Barbaraville. Lamulo lokakamiza makhonsolo kupereka malo otere linadzakhazikitsidwa mu 1968. Mu 1964 Mayi Cartland anayambitsanso bungwe lolimbikitsa zakudya zopatsa thanzi, ndipo kuyambira pamenepo ankalalikira za uchi ndi mavitamini kwa aliyense wofuna kumva. Zina mwa zimene ankanena pa nkhani imeneyi zinalibe umboni wa sayansi, koma iwo ankaloza zaka zawo ndi mphamvu zawo ngati umboni wokwanira.

Ubale wawo ndi banja lachifumu unawonjezera kutchuka, ngakhale kuti unali ndi minga yake. Mu 1976 mwana wawo Raine anakwatiwa ndi Earl Spencer, motero anakhala mayi wopeza wa Diana Spencer, amene ali mtsikana ankakonda kwambiri kuwerenga mabuku a Cartland. Ana a Spencer sankagwirizana ndi mayi wawo wopezayo, ndipo pamene Diana ankakwatiwa ndi Prince Charles mu 1981, Mayi Cartland sanapezeke pa mwambowo. Ambiri aona kuti ukwati umenewo unayamba ndendende ngati nkhani ya m'mabuku awo, mtsikana wamng'ono wamanyazi ndi kalonga wamkulupo, koma unatha mosiyana kwambiri, ndipo otsutsa amaugwiritsa ntchito ngati chitsanzo cha kuopsa kwa maloto amene mabukuwo ankadzala m'mitima ya atsikana.

Chitsutso chimenechi chili ndi maziko. Mabuku a Cartland amaphunzitsa kuti mtengo wa mkazi uli pa unamwali wake ndi kukongola kwake, pamene mwamuna amaloledwa kukhala atayendayenda asanakwatire, ndipo iwo ankateteza poyera kusiyana kumeneku. Nkhani zawo zimathera pa khomo la ukwati, pamene moyo weniweni wa banja umayambira. Omenyera ufulu wa amayi a m'zaka za m'ma 1970 ankawaona ngati mdani, ndipo iwo ankabwezera mawu mosanyengerera. Koma pali chosokoneza chimene otsutsawo sanachithetse: mayi amene ankalangiza akazi kudalira amuna anadzidyetsa yekha kuyambira ali mtsikana, anathetsa banja losamukomera pa nthawi imene kusudzulana kunali chamanyazi, analowa ndale, ndipo analemba ntchito anthu ambiri kuphatikizapo mwana wake wamwamuna. Palibe mtsikana wa m'mabuku ake amene akanatha kuchita zimene mlengi wake anachita. Nawonso owerenga sanali opusa monga mmene otsutsa ankawaganizira. Ambiri ankadziwa bwino lomwe kuti akugula maola awiri opumira ku ntchito ndi mavuto a pakhomo, ndipo ankabwerera ku sitolo chifukwa chodziwa kuti mathero sadzawakhumudwitsa.

Mu 1991 Mfumukazi Elizabeth II inawapatsa ulemu wa Dame, dzina laulemu lopatsidwa kwa amayi ku Britain, chifukwa cha ntchito yawo ya zolembalemba, ndale ndi kuthandiza anthu. Pa nthawiyo malonda a mabuku awo ku Britain ndi ku America anali atayamba kutsika, popeza owerenga atsopano ankafuna atsikana a m'nkhani okhala ndi ntchito zawo ndi maganizo awo, ndipo ngakhale kampani ya Mills & Boon, imene kwa zaka zambiri inkadziwika ndi nkhani zodzisunga, inali itayamba kale kufalitsa mabuku omasuka pa za kuchipinda. Mayi Cartland sanasinthe kanthu, ndipo anapitiriza kunena nkhani zawo kwa alembi mpaka atayandikira zaka 100. Atamwalira anaikidwa m'munda wa nyumba yawo ya Camfield Place, pansi pa mtengo waukulu umene anthu amati unadzalidwa ndi Mfumukazi Elizabeth I, m'bokosi la makatoni monga mmene iwo anafunira chifukwa chosamala za chilengedwe. Anasiya mabuku 160 olembedwa kale koma osasindikizidwa, ndipo mwana wawo Ian anayamba kuwatulutsa limodzilimodzi m'zaka zotsatira pansi pa dzina lakuti Pink Collection.